Wachiwiri pa Shifiti Ija Ndinali Ine

Erdington, Lamlungu masana

Tiyamike mwana wanga,

Ndakhala pa tebulo la m'khitchini pamene iwe wapita ku Selly Oak kukatsanzikana ndi anzako. Masutikesi ako ali pakhomo. Ndawayezanso pa sikelo kachitatu, sanapitirire mulingo. Ndikulemba m'Chichewa ngakhale ndikudziwa kuti uwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Ndi zomwezo ndikufuna. Chingerezi changa ndi cha kuntchito, chongokwanira kulemba kuti agogo adya theka la mbale ndipo amwa mankhwala. Za mumtima sizikwanamo. Mawu ena akakukanika usawafunse amalume ako. Ubwereze wekha mpaka umve.

Pali nkhani imene sindinakuuze. Ukumudziwa Esnati, mtsikana wa ku Chipata uja ndimagwira naye ntchito ku nyumba ya okalamba, amene anakuluka tsitsi pa Khirisimasi. Masabata atatu apitawa anamuimitsa ntchito. Mawa nthawi ya teni koloko akuluakulu akhala pansi kuti aone ngati amuchotseretu. Viza yake inamangiriridwa ku ntchitoyo. Ntchito ikatha, nayenso ayamba kulongedza, ndipo kwawo kuli ana awiri amene amadya kuchokera m'manja mwake. Pa tebulo la akuluakuluwo pakakhala pepala limodzi lolemera kuposa onse, ndipo analilemba ndine. Ine sanandiitane. Akuti pepala langa ndi lomveka bwino.

Ndibwereranso ku zimenezi. Ndiyambe ndi mkulu wako wa ndevu uja, chifukwa ndi iye akundilanda mwana.

Zaka ziwiri tsopano chithunzi chake chili pa firiji yanga. Tsiku loyamba ndinafunsa ngati anali m'busa, iwe n'kuseka mpaka tiyi kukutsamwa. Unandifotokozera kuti anakhalako ku America m'zaka za m'ma 1800, m'katauni ka m'mbali mwa mtsinje, kuti anali mkonzi wa nyuzipepala yakeyake yotuluka kamodzi pa sabata, ndiponso phungu ku nyumba ya malamulo ya chigawo chawo, poti kumeneko chigawo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake. Ine sindinapitirire Sitandade 8, koma zonse zimene unkandiwerengera ndinazisunga. Anasiya sukulu ali wamng'ono. Anayamba ndi kusesa m'nyumba yosindikiziramo, kenako anaphunzira kutola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi n'kuziyala chagada mpaka tsamba lidzaze. Pamenepo ndi pamene ndinamukondera. Munthu wotola zilembo chimodzichimodzi ndimamumvetsa. Atakhala phungu anamenyera nkhondo kuti ana a anthu osauka azilowa sukulu, ndipo ndinkati ndikamapukuta firiji ndinkayamba ndamuchotsa kuti asanyowe. Iwe unkandinena m'Chingerezi chako chothamanga chija kuti, “Amayi, chibwenzi chanu chafumbira.” Ndinkakuyankha kuti chibwenzi chotere n'chabwino, sichifunsa kuti ndiwo zili kuti.

Kenako unabwera ndi nkhani ya mlatho. Unalowa jekete ili pathupi, osapereka n'komwe moni. Unati mlatho wa m'tauni mwawo unagwa ngolo yolemera ili pamwamba, munthu ndi mahatchi ake n'kumira. Nyuzipepala ya mkulu wakoyo inalemba kuti mlonda wa pamlatho analola ngoloyo kuwoloka, ndipo zinali zoona. Inalemba kuti matabwa anali ofumbwa ndipo mlondayo ankadziwa, zinalinso zoona. Chimene sinalembe n'chakuti aphungu anazengereza kukonzetsa mlathowo, ndipo mmodzi mwa amene anati zidikire chaka chamawa anali iye mwini. Mlonda anachotsedwa ntchito n'kusamuka m'tauni. Patapita zaka zambiri, mlondayo atamwalira kale, mkulu wako anasindikiza timizere tochepa kutsamba lomaliza, pansi pa chilengezo cha mbewu, kunena kuti mwina bambo uja anaweruzidwa mopitirira. Ukukumbukira zimene ndinanena? Ndinaika mpeni pansi n'kunena kuti, “Munthu uyu ndi woipa. Muchotse pa firiji yanga.” Iwe unakana. Unati mlondayo akuti analembera phunguyu makalata omuchenjeza, koma palibe akudziwa ngati anafika, ndipo yankho lingapezeke m'mabokosi a mapepala ake amene akusungidwa ku laibulale ya kumeneko. Ndi mabokosi amenewo ukuwapitira mawa.

Tsono mvera, mwana wanga. Ukakatsegula mabokosiwo ukalembe zimene waona. Ukawapeza makalata a mlondayo, ukalembe kuti ndawapeza, ngakhale mtima ukuwawe. Ukapanda kuwapeza, ukalembe kuti sindinawapeze. Usakalembe kuti sanafike, chifukwa zimenezo sunazione. Ndipo koposa zonse, usasiye mzere chifukwa choti ukuipitsa tsamba. Ndikuuza zimenezi chifukwa matenda osiya mzere ndi a m'banja mwathu, ndipo anayambira kwa ine.

Ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ku Kasungu, ndinali mlembi wa azakhali anga a NaMwale. Iwo sankadziwa kulemba, ndipo amuna awo anali ku Joni chaka chachinayi, atachoka pakhomo atakangana. Tsiku lina anandikhazika pa mphasa n'kundipatsa pepala limodzi lokha la mizere ya buluu. Anayankhula za denga lodontha, za mbuzi imene inafa, za mawu achipongwe amene anauzidwa patsiku lochoka lija. Ine ndinkalemba mokongola, zilembo zonse zoima mofanana. Pepala litadzaza mbali zonse ziwiri, iwo anati motsitsa, “Ulembenso kuti ndinakhululuka kalekale. Abwere.” Malo analipo m'mphepete, ndikanatembenuza pepala n'kulemba chopingasa. Koma ndinaona kuti ziipitsa ntchito yanga. Ndinayendetsa cholembera m'mwamba ngati ndikulemba, n'kupinda kalatayo. Amuna awo aja sanabwere chaka chimenecho, ngakhale chotsatira. Sindinganene kuti mzere umenewo ukanawabweretsa, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mawu onse a m'kalatamo anali a azakhali, koma kalatayo sinali yawo. Ndinkati ndidzawauza ndikakula. Ndinakula, ndinakwatiwa, ndinabwera kuno. Uthenga wa maliro a azakhaliwo unandipeza ndili pa basi ya ku Walsgrave, ndikupita kukakolopa m'chipatala, iwe uli m'mimba. Tiyamike, kupepesa kuli ndi nyengo yake ngati kubzala. Ukachedwa umangothira mbewu pa fumbi.

Cholakwa chachiwiri uchiseka, koma usachipeputse. Chaka chimene amayi a mpingo wa kuno tinakonza msonkhano pamodzi ndi a ku Coventry, ine ndinali woyang'anira zophika, ndiponso ndinali mlembi wa gulu. Maudindo awiri, munthu mmodzi. Ndinauza amayi a ku Coventry kuti chakudya chifike thuu koloko, pamene gulu linagwirizana thwelofu. Anthu anakhala ndi njala, ana analira, abusa anatalikitsa pemphero mpaka mawu anawathera. Polemba za msonkhanowo ndinalemba kuti mpunga wa ku Coventry unafika mochedwa. Kodi linali bodza? Unafikadi mochedwa. Atawerenga pagulu, mayi wina wa ku Mulanje anaimirira n'kuti, “A mlembi, mwalemba bwino zedi. Koma wotchi imene tinkayendera ija munatipatsa ndinu.” Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma amayi aja sanaphikenso nafe kwa zaka zitatu. Uchenjere ndi zimenezi. Munthu amene ali m'nkhani asakhale yekha wolemba nkhaniyo. Mkulu wako wa ndevu ankakhala m'nyumba ya malamulo n'kukweza dzanja, kenako n'kupita kwawo kukasindikiza zimene aphungu achita, ngati mlendo wongoonerera. Iwenso ukufuna kudzalemba m'manyuzipepala, ndipo ndakumvapo ukunena kuti mwina tsiku lina udzaima pa chisankho cha khansala. Sindikukuletsa. Koma tsiku limene dzanja lako lidzakhale m'nkhani, udzanene poyamba penipeni kuti inenso ndinali momwemo. Ulembe zimene waona, ulembenso pamene unaima iwe.

Tsopano za Esnati. Ndizinena mwadongosolo, monga ndikanalembera tsiku lomwe lija.

Linali Lachiwiri, chakudya chamasana chitangotha. Kuntchito kwathu kuli lamulo lakuti agogo amene sangathe kuima okha asanyamulidwe ndi munthu mmodzi. Pamafunika awiri ndi makina onyamulira aja timati hoisiti. Pa ndandanda wa tsikulo Esnati anali woyamba, wachiwiri wake ndinali ine. Ndinalinso siniya wa shifiti yonse, kutanthauza kuti chilichonse chikachitika, lipoti ndilemba ndine. Ndinali mu kaofesi kathu ndikulemba za m'mawa. Ukundidziwa, sindisiya chiganizo pakati. Esnati anasuzumira pakhomo n'kuti, “Anti, agogo a ku chipinda chakumapeto afuna ku toileti.” Ndinati ndikubwera. Patapita kanthawi anaitananso ali m'khonde, “Anti, bwerani manje, akulira!” Ndinamumva bwinobwino. Ndinayankha kuti, “Adikire pang'ono, ndikumaliza.” Panali patatsala mayina awiri. Ndinawamaliza, ndinatseka cholembera, ndinabweza buku pamalo pake. Ndisanafike pakati pa khonde ndinamva kugwa.

Agogo aja anatopa ndi kudikira, anachita manyazi kuti adziipitsira pampando, ndiye anayamba kudzuka okha. Esnati anawagwira m'khwapa kuti asagwe chamutu, ndipo anagwera limodzi. Dzanja la agogowo linathyoka pamfundo. Ambulansi itapita, manejala anandipatsa fomu. Ndinalemba nthawi, ndinalemba chipinda, ndinalemba kuti Esnati anawagwira agogo ali yekha, wopanda hoisiti, wachiwiri asanafike. Palibe liwu labodza pa pepalalo. Ndinaliwerenga kawiri, ndinasaina. Sindinalembe kuti anaitana kawiri. Sindinalembe kuti wachiwiri amene sanafikeyo ndi yemwe wagwira cholembera. Manejala sanayang'ane ndandanda, chifukwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mapepala anga sanapezekepo ndi cholakwa. Anangoti zikomo, n'kuliika m'faelo.

Ndinafika kunyumba, iwe uli pa tebulo lomwe lino ndi mapepala ako, ndipo mkulu uja ali pa firiji akundiyang'ana. Miyezi ingapo m'mbuyomo ndinamutcha woipa. Iye mwina anali ndi zifukwa zazikulu, chisankho, chipani, dzina la nyuzipepala. Ine changa chinali chiyani? Mantha basi. Ndinaopa kuti anditsitsa pa usiniya, kapena kundichotsa, pa msinkhu wangawu, wopanda satifiketi ya sukulu. Ndinaopanso kuti amayi a kumpingo adzati uja amatiphunzitsa kulongosoka uja ndi ameneyu. Kuyambira tsiku limenelo sindinamunenenso mkulu wako. Mwina unazindikira. Sindikuti anachita bwino. Ndikungoti tsopano ndikudziwa momwe dzanja limayendera, kuti silinjenjemera n'komwe. Choncho ukakalemba za iye usakamuyeretse, koma usakamulembenso ngati chilombo cha mtundu wina. Ukalembe masukulu aja, ukalembenso mlatho, zonse pa tsamba limodzi. Anali munthu mmodzi yemweyo.

Lachisanu lapitali ndinakumana ndi Esnati mu msewu waukulu wa kuno, pafupi ndi shopu imene timagula ufa ndi kapenta. Ndinafuna kuwolokera mbali ina koma anali atandiona kale. Wawonda, Tiyamike. Anandigwira dzanja ndi manja awiri monga mwa masiku onse.

“Anti, muli bwanji? Mtsikana wathu anyamuka liti?”

Ndinati Lolemba. Kenako ndinamufunsa, maso ali pa thumba lake, ngati anawauza akuluakulu kuti anaitana.

“Ndinawauza. Anafunsa kuti unaitana ndani. Ndinati sindikumbukira.”

“Chifukwa chiyani, mwana iwe?”

Anaseka pang'ono. “Nanga ndikanati chiyani, anti? Nditangofika kuno ndinalibe ngakhale bulangete. Chipinda munandipezera ndinu. Basi ya kuntchito munandionetsa ndinu. Ine ndiime pamaso pa azungu ndizitchula dzina lanu? Amayi anga atamva angandikane.”

Kenako anatulutsa m'thumba mwake botolo la mafuta a tsitsi n'kuti ndikupatse, akuti ku America kukuuma mutu ndi kuzizira. Ndaliika mu sutikesi yaikulu, mbali ya kumanzere, ndalikulunga m'pulasitiki kawiri.

Uone tsono mmene ulemu wathu umagwirira ntchito. Kwathu mwana satsutsa wamkulu pagulu, ndipo ndi mwambo wabwino, ndinakulera nawo. Koma mwambo umenewo uli ndi mbali yake ina imene akuluakulu timakonda kuiiwala. Ngati wamng'ono atseka pakamwa kuti asakuchititse manyazi, ndiye kuti udindo wotsegula pakamwa wagwera iwe. Ine ndinatenga ulemu wa Esnati n'kubisalamo. Iwe kumene ukupitako udzakumana ndi anthu amene sangakuyankhe: akufa a m'mabokosi aja, mlonda uja amene analibe nyuzipepala, ndipo kutsogoloku anthu amoyo amene alibe Chingerezi chokwanira kapena mapepala okwanira kuti akutsutse. Pamene munthu sangathe kukutsutsa, m'pamene uziwerenga kachitatu zimene walemba za iye. Udzifunse kuti, akanakhala ndi cholembera iyeyu, akanawonjezera mzere uti? Mzere umenewo uulembe ndiwe.

Zina ndi zazing'ono koma usaziiwale. Pasipoti ndi kalata ya kusukulu zili m'kachikwama ka m'manja, ndipo makope ake ali m'thumba la mkati la jekete yakuda. Kampope ka mphumu kamodzi kali m'kachikwamako, kena mu sutikesi. Usadikire kuti chifuwa chiyambe kulira. M'malaibulale akale mumakhala fumbi, uziyamba wapopera usanatsegule bokosi. Ukafika upeze mpingo, ngakhale wa nyimbo zozizira. Ukadwala unene, usandibisire poti ndidandaula. Ndidandaula ndithu, ndi ntchito yanga. Uzidya chakudya chophika, osati mabisiketi pamwamba pa mabuku. Ndipo ukalakwitsa kanthu m'zolemba zako, ukonze sabata yomweyo, pamalo oonekera, ndi zilembo zazikulu ngati zimene unalakwitsira. Osati kutsamba lomaliza pansi pa mbewu. Ukonze munthuyo akadali ndi moyo, akadali ndi ntchito.

Ndiye ndafika pa chimene chandivuta kulemba. Ndege yako inyamuka leveni koloko. Msonkhano wa Esnati ndi teni koloko. Ndayesa kuwerengera masitima ndi mabasi m'njira zonse, sizikutheka kuti ndipezeke kuwiri konse. Dzulo ndinaimbira manejala kupempha kuti asinthe tsiku, anati akuluakulu akuchokera kutali ndipo sangasinthe. Ndinati ndiye mundiikire mpando. Anadabwa, anati lipoti lanu tili nalo kale. Ndinati limene muli nalolo ndi losakwanira.

Mawa sindikuperekeza, mwana wanga. Amalume ako abwera ndi galimoto seveni koloko, ndagwirizana nawo kale, ngakhale sakudziwa chifukwa chake. Ndikuuza pakamwa m'mawa kuti ndaitanidwa kuntchito, ndipo ndikudziwa kuti ukwiya. Udzati zaka zonsezi ntchito, ntchito, ngakhale lero. Ndilola kuti ukwere ndege utandikwiyira. Kalatayi ndiika m'kachikwama kako ka m'manja kuti ukaiwerengere m'ndege. Ndinalota tsiku limeneli kuyambira uli ku nazale, nditavala chitenje changa chabwino, ndikukubayibitsa mpaka usaonekenso. Bambo ako akanakhala moyo akanakuperekeza iwo, ine n'kupita kwinako mtima uli m'malo. Koma ndikapita ku bwalo la ndege, pofika madzulo Esnati adzakhala alibe ntchito, ndipo ine ndidzakhala mayi amene anapatsa mwana wake malangizo onsewa atakhalira pepala lija.

Sindikudziwa chimene akandichite. Mwina akanditsitsa, mwina akandiuza kuti nditenge zanga. Mwinanso sizikamupulumutsa Esnati, poti anawagwiradi agogo ali yekha. Zimenezo si zanga kuweruza. Usabwerere chifukwa cha ine, ndipo usasiye mabokosi ako. Ndili ndi manja, ndinakolopapo m'chipatala, ndikhoza kukolopanso.

Lipoti latsopano ndalemba kale m'mawa uno, ndisanapite kutchalitchi. Ndi lalifupi, ndipo lili ndi pofufuta pawiri. Sindinalikopere pa pepala lina. Likuyamba ndi kunena kuti Esnati anandiitana kawiri, ndipo kawiri konse ndinamumva.

Ukatera, usayambe ndi kundiuza za ulendo. Uyambe wandifunsa ngati ndinaliwerenga lonse pamaso pawo, mpaka mzere womaliza. Ukandifunse molimba, ngati mmene udzafunsire anthu ena onse.

Mulungu amene anakupereka kwa ine akutsogolere pa mtunda ndi pa madzi. Pita bwino, Tiyamike.

Ndine mayi ako,
NaPhiri